Kusonkhanitsa mindandanda ya masamba ambiri a SharePoint pa dashboard imodzi

Nabanda, Randburg:
Moni nonse a kuno ku Joni. Ndimagwira ntchito pakampani ina yonyamula katundu, ndipo nthambi zathu zonse 23 zili ndi tsamba lakelake pa intranet (intaneti ya mkati mwa kampani) ya SharePoint, pulogalamu ya Microsoft yosungirapo ndi kugawana zolemba, pomwe amalembapo mndandanda wa magalimoto owonongeka. Lachisanu lililonse ndimatsegula masambawa limodzilimodzi n'kukopera zonse mu Excel kuti abwana apeze lipoti Lolemba. Sabata yatha ndinadumpha nthambi imodzi mosazindikira, ndipo zinatulukira mumsonkhano, pamaso pa anthu. Kodi pali njira yoti mindandanda yonseyi izidzisonkhanitsa yokha pa dashboard imodzi, tsamba loonetsa zonse pamodzi?

Phiri, Kempton Park:
Pepani Anabanda, njira ilipo. Gwiritsani ntchito Power BI, pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti, koma musalumikize masambawo limodzilimodzi, chifukwa nthambi yatsopano ikadzatsegulidwa mudzayambiranso ntchito. Lembani maadiresi onse 23 pamndandanda umodzi, kenako mu Power Query, gawo la Power BI lokokera deta, mupange function (kalamulo kobwereza ntchito) yotenga adiresi iliyonse n'kubweretsa zomwe zili pamenepo. Chenjezo ndi lakuti zikhoza kuyenda bwino pakompyuta panu koma n'kukana kudzikonzanso zokha (kukoka deta yatsopano) mukazikweza pa intaneti, popeza Power BI siifuna adiresi yosinthasintha. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito malamulo a mu Power Query otchedwa Web.Contents ndi RelativePath, kuti chiyambi cha adiresi chikhale chimodzi nthawi zonse. Layisensi ya Power BI Pro imalola kukonzanso kasanu ndi katatu patsiku, zomwe zikukwanirani.

Nangondo, Rosettenville:
Zimene anena a Phiri n'zoona, koma ine ndikuti musanatsegule Power BI, yambani mwaona ngati mindandandayo ikufananadi. Kwathu kuofesi tinataya masiku awiri pa kanthu kakang'ono: munthu akasintha dzina la column (mzere wotsika wa pamndandanda) mu SharePoint, limasintha ndi looneka ndi maso lokha, pomwe dzina lamkati limakhala lomwe linaperekedwa tsiku loyamba. Choncho masamba awiri akhoza kuonetsa mawu ofanana, koma kuseri kwake n'kukhala mayina osiyana, ndipo pa dashboard pamangotuluka mipata yopanda kanthu. Chokhalitsa ndi kupanga content type (chikombole cha ma column ofanana) imodzi n'kuigawira masamba onse, ngakhale kuti eni nthambi amayamba adandaula kaye.

Muonetsetsenso madeti. SharePoint imasunga nthawi mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri, kotero galimoto yolembedwa kuti inawonongeka pa 1 mwezi uno ikhoza kuoneka ngati ya mwezi watha, 10 koloko usiku. Lipoti la pamwezi limasokonekera pomwepo.

Phiri, Kempton Park:
Amayi Nangondo andikumbutsa china. Deta ikalowa mu Power BI, zilolezo za patsamba lililonse sizitsatira. Aliyense wotsegula dashboard amaona zonse zomwe akaunti yokokera detayo imaona. Ngati muli mayina ndi manambala a foni a madalaivala, ikani row-level security (yoti aliyense aziona mizere yomuyenera yokha) kapena musawakoke n'komwe, poti lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, lakhala likugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 July 2021.

Nabanda, Randburg:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayang'ana masamba asanu oyamba, ndipo pa awiri dzina lamkati la deti ndi losiyanadi ndi la enawo. Manambala a foni ndiwasiya. Mawa ndimaliza 18 otsalawo ndisanakaonane ndi a IT.