Siteki ya halaal ku Limbe, tipiteko kapena tingophika pakhomo?

Mayi a Mapasa: Abale ndithandizeni nzeru. Apongozi anga akubwera Loweruka kuchokera ku Mangochi, ndi Asilamu osamala kwambiri pa zakudya. Bambo akunyumba akufuna tikawadyetse kumalo aja a siteki a halaal ku Limbe, omwe amati nyama yawo ndi ya ng'ombe zakonkuno. Tikhala anthu asanu. Amene munadyako, chakudyacho chikugwirizana ndi mtengo wake?

Wa ku Ndirande: Musapiteko mayi, ine mpaka lero mtima ukuwawa. Ndinapita mwezi watha ndi akazi anga pa tsiku lawo lobadwa, ndinaitanitsa T-bone ya K32,000. Pa menyu analemba 350g koma yomwe inabwera theka linali fupa, kwinako mafuta. Kulimba kwake ngati lamba, mpeni wawo womwe kukana. Nditadandaula, weita anangoti ndi mmene imakhalira nyama ya lokolo bwana. Sosi ya bowa yomwe ndimayesa ndi yapamodzi anaiwerengera payokha K4,500, pamwamba pake VAT. Zonse zinakwana K81,000 anthu awiri, ndipo titafika kunyumba tinaphikanso nsima.

Dolo wa ku Namiwawa: Vuto ndi inuyo achimwene, simudziwa kuitanitsa. Ine ndimadya kumeneko Lachisanu lililonse tikaweruka ku Juma, mpaka shefu amatuluka kudzandipatsa moni. T-bone ndi K27,000. Ndadyapo siteki ku Fordsburg ku Johannesburg komanso ku Dubai, koma fileti ya pa Limbe sikuchepera kaba. Munthu wodziwa nyama amatenga fileti kapena rampu, ndipo amauza kuti medium, yosapsetsa kwambiri.

Wa ku Ndirande: Risiti ndili nayo, K32,000. Kapena inu amakuchotserani poti shefu ndi mnzanu.

Aunt Chiwaya: Kkkkk anthu asanu kumeneko ndi K150,000 kupita m'mwamba. Mayi, pitani m'mawa ku bucha ya Asilamu mu Limbe momwemo, kilo ndi K13,000. Makilo atatu, makala a K5,000, tomato ndi anyezi wa saladi, mpunga wa Kilombero, basi. Apongozi adya mpaka kutsala ya mawa lake.

Mnyamata wa Kabaza: Kilo ya 13 pin munagula liti aunt? Dzulo ndaona 15.

Aunt Chiwaya: Ya mafupa ndi 13, iwe waona ya siteki.

Mlimi wa ku Ngabu: Ndilankhulepo monga woweta. Weita uja sananame kwenikweni koma sanamalize nkhani. Ng'ombe zathuzi, za linunda zija, zimakula ndi msipu wokha, ndipo kuno ku Chikwawa ndi Nsanje zimayenda mtunda wautali kusaka madzi, makamaka October ndi November. Nyama yake imakhala yopanda mafuta ambiri mkati, yokoma fungo, koma yolimbirapo. Tsono pali kusiyana pakati pa ng'ombe yaing'ono yomwe yanenepetsedwa m'khola ndi madeya miyezi ingapo, ndi nkhunzi yokalamba yomwe yakoka ngolo zaka zambiri mwini wake n'kuigulitsa pofuna fizi ya mwana. Zonsezo ndi za lokolo. Chinanso, nyama ya siteki imafunika ipachikidwe m'chipinda chozizira masiku angapo, sabata kapena awiri, kuti ifewe yokha. Ndi magetsi ozimazimawa, zimenezo zimafuna jenereta ndi dizilo, ndiye ena amangozinga lero mawa ili pa moto. Amene amasunga bwinowo ndi omwe amadulitsa. Mayi, mukafika funsani kuti nyamayo yakhala masiku angati chizingireni. Akayankha mozemba mudziwiretu.

Dolo wa ku Namiwawa: Mwamva? Ndi zomwe ndimanena zija.

Mlimi wa ku Ngabu: Simunanene zimenezo bwana. Komanso ife oweta timagulitsa ng'ombe yonse pa mtengo woti mukawerengera mbale zanu za mtawunizo misozi imatuluka. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, misika amatseka, ng'ombe sizituluka m'boma, ife tili pa njala inu mitengo ikukwera.

Che Mwalimu: Asalaam alaikum. Funso la mayiwa ndi la apongozi, tisaiwale. Kulemba halaal pa chikwangwani aliyense atha kulemba. Onani satifiketi ya nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi, imapachikidwa poonekera, ndipo muone ngati sinathe nthawi. Nkhani si kuzinga kokha ndi Bismillah. M'khitchini musalowe nkhumba, pa tebulo pasakhale mowa, sosi asathiremo vinyo. Zikakhala bwino zimenezo, akuluakuluwo adya mtima uli m'malo.

Mayi a Mapasa: Zikomo Che Mwalimu. Nanga zoti medium zija? Apongozi akaona zofiira zikutuluka pa mbale sadzati ndi magazi?

Che Mwalimu: Magazi amatuluka pozinga. Zofiirazo ndi madzi a mnofu, akuluakulu a chipembedzo ambiri saletsa. Koma anthu a msinkhu wawo sakondwa nazo, auzeni aphike ipse.

Dolo wa ku Namiwawa: Kupsetsa fileti ndi kuwononga ndalama. Bola angodya nkhuku.

Wa ku Ndirande: Ine ndinauza kuti ipse, ndiye mwina ndi chifukwa chake? Komabe fupa lija silinabwere ndi moto ayi.

Mnyamata wa Kabaza: K32,000 ine ndi kanyenya ndi chipisi sabata yonse, chenji ndigulire mang'ina.

Namasina wa ku Zingwangwa: Ife tinapita anthu anayi nthawi ya Idi, tinalipira K96,000 ndi zakumwa zomwe. Nyama inali yofewa bwinobwino, koma tinadikira ola lathunthu ana mpaka kugona. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo sikhazikika, ndiye onse akutchula mitengowa atha kukhala akunena zoona, kungoti miyezi yosiyana.

Aunt Chiwaya: Komanso anthu a ku Mangochi ndi nyama wapi ndi wapi? Agulireni chambo.

Mayi a Mapasa: Chambo amadya kwawo tsiku lililonse aunt, n'chifukwa chake bambo akufuna china. Nsima amaphika kumeneko kapena ndi chipisi chokha? Apongozi aamuna popanda nsima sawerengera kuti adya.

Dolo wa ku Namiwawa: Mukatchula ine akuphikirani.

Namasina wa ku Zingwangwa: Tsiku lomwe tinapita ife anati ufa watha.

Mlimi wa ku Ngabu: Ngati mwasintha maganizo, mbuzi ndili nazo, ndikhoza kukweza imodzi Lachisanu pa lole. Shehe wozinga mupeza konko.