Za funso langa lija la olemba mapulogalamu atsopano

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa kuti wolemba mapulogalamu a kompyuta watsopano pakampani yaikulu amafunika nthawi yaitali bwanji kuti azolowere ntchito, poti abwana anga ankati masabata awiri akwana. Ambiri munati miyezi 3 mpaka 6. Munanena zoona.

Mtsikana amene tinamulemba ntchitoyi pakampani yathu anatha masiku 9 akungodikira chilolezo cholowera mu VPN (njira yotetezedwa yolowera mu makompyuta a kampani) ndi mu repository (malo osungira mapulogalamu amene tikulemba), laputopu ili phee patebulo. Zinandiwawa kwambiri kumuona akungowerenga mapepala. Panopa zilolezo timapempheratu munthu asanafike, ndipo timamupatsa mnzake womufunsa chilichonse mosachita manyazi.

Sabata yachitatu anakonza kavuto kakang'ono, ntchito yake n'kuvomerezedwa. Koma code (malangizo amene amapanga pulogalamu) yakale, yolembedwa ndi anthu amene anachoka kalekale osasiya malongosoledwe, akulimbana nayobe mpaka lero.