Ulendo wa ku Toronto uja ndayenda bwino

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za malo abwino osinthira ndege popita ku Toronto, ku Canada, poti ine ndimalembalemba zandale pa Facebook. Ndinamvera malangizo a achimwene ena a ku Namwera amene anandiyankha, tikiti yotchipa yodzera ku New York ndinaisiya. Ku America ngakhale mukungodutsa pamafunika visa, mumaonekera kwa a imigireshoni, ndipo ali ndi mphamvu zofufuza m'foni mwanu.

Kuchoka kuno ku Mangochi ndinakakwerera ku Chileka, n'kukasintha ku Addis Ababa. Kumeneko anangoona pasipoti, laputopu ndinaitulutsa m'chikwama poyeza katundu, basi.

Amene mukukonza ulendo, gulani tikiti imodzi ya njira yonse kuti musatuluke kukatenga katundu pakati pa ulendo. Funsaninso ngati ndegeyo imatera dziko lina pothira mafuta.