Kodi nsomba za m'nyanja ya mchere nazo zimatha ngati chambo cha ku Malombe?

Wa kwa Chimwala:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Alamu anga agulitsa nkacha yawo (khoka lophera nsomba pakati pa nyanja), akuti ku Malombe kulibenso kanthu. Akufuna atsikire ku Mozambique akayambe usodzi pa gombe la nyanja ya mchere. Iwo akuti nyanja imene ija ilibe tsidya, moti ngakhale mukoke usana ndi usiku nsomba sizingathe. Achemwali anga ali ndi ana ang'onoang'ono, ndiye mtima wanga uli m'mwamba. Amene munafikako, kodi ndi zoona?

Bambo a Asiyatu:
Achimwene, ine ndinkapikula nsomba zouma ku Angoche, pa gombe la Mozambique, ndinkadzera pa Chiponde, Mandimba, Cuamba mpaka ku Nampula. Alamu anuwo muwauze kuti nyanja ndi yaikuludi, koma iwo sadzaweza nyanja yonse. Wa bwato kapena boti laling'ono amathera kufupi ndi mtunda, ndipo pamalo pomwepo ndi pamene aliyense wa m'mudzi amapezapo ndiwo.

Kumeneko madzi amaphwa ndi kudzazanso kawiri pa tsiku. Akaphwa, amayi ndi ana amalowa kukatola nkhono ndi nkhanu. Ena amagwira masikito aŵiriaŵiri, kumakoka m'madzi ofika m'chiuno. Zimene zimatuluka mu neti imeneyo zinandiwawa mtima: tinsomba tosafika ndi chala chomwe, tambiri mwa ito ana a nsomba zikuluzikulu. Ife ana a chambo otere timati kasawala, ndipo tonse tikudziwa chimene chinachitika titayamba kumuyanika pa thandala.

Chachiwiri ndi mitengo ija imamera m'matope pamene mtsinje ukulowa m'nyanja, ya mangrove. M'mizu yake ndi mmene mumakulira camarão (tinkhanu tija ta ma prawns) ndi nsomba zambiri zisanapite kozama. Anthu amaidula kuti apeze milimo, nkhuni ndi makala. Zili ngati mabango ndi udzu wa m'madzi umene makoka anapalapasa ku Malombe, chambo n'kusowa pobisalira ana ake. M'zaka za m'ma 1980 chambo chinkadzaza mabwato, pofika m'ma 1990 tinatsala ndi kambuzi. Nyanja ya mchere siitchinjiriza nsomba ku zimenezi ayi.

Muwauzenso kuti mlendo sangangofika n'kuponya ukonde. Pamafunika chiphaso, ndipo camarão ali ndi miyezi yake imene boma la kumeneko limatseka. Mafunde akenso si a mwera wathu uno.

Mwana wa ku Mpwepwe:
Ankolo anena zoona. Bungwe la FAO, la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, limanena kuti mwa magulu a nsomba za m'nyanja za mchere amene limawaunika, oposa gawo limodzi mwa magawo atatu akugwidwa mopyola muyeso. Ku Canada, mu 1992, boma linatseka usodzi wa nsomba ya cod ku Newfoundland chifukwa inali itatsala pang'ono kutheratu, ndipo anthu masauzande ambiri ntchito inawathera.

Koma zimabwereranso anthu akagwirizana. Ku Andavadoaka, ku Madagascar, mu 2004 mudzi unatseka malo amodzi ogwirako octopus (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) kwa miyezi ingapo. Potsegula anapeza zikuluzikulu, midzi yoyandikana nayo n'kutengera. Ifenso tili ndi chitsanzo chathu pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kwa Gogo Chalo Makanjira (osati Makanjira wathu wa kuno ku Mangochi), kumene amatseka mu Disembala n'kutsegula mu Epulo.

Mayi wa pa msika wa M'baluku:
Ine ndingoyankhulapo za masikito. Musamafulumire kunyoza amayi okoka netiwo. Munthu alibe bwato, alibe ukonde, ana akulira njala, neti ili pakhoma, mukuti atani? Nanga mabwato akuluakulu a injini amene amakoka pansi usiku kufupi ndi gombe, iwo akuwaletsa ndani? Kuno ma BVC, makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi pa madooko, anayamba mu 1993, koma wolandidwa ukonde nthawi zambiri amakhala wosauka yemweyo.

Bambo a Asiyatu:
Mayi, pamenepo sindikutsutsani. Asodzi a ku Angoche nawonso ankadandaula zomwezo, kuti zombo zimalowa m'malo a mabwato ang'ono n'kuwadulira maukonde. Koma kansomba kakafa kasanaswane kafa basi, kaya wakagwira ndi wolemera kapena wosauka. N'chifukwa chake ndimafuna kuti potseka azitsekera onse, ndipo mfumu ndi asodzi eni ake akhale patsogolo.

Achimwene a kwa Chimwala, ngati alamu anu atsimikiza, apite kaye okha ndi ndalama ya thiransipoti yobwererera. Akalowe ganyu m'boti la mwini dera nyengo imodzi, aone ndi maso awo zimene zikutsika pa gombe, ndalama ya nkachayo isakhudzidwe.

Wa kwa Chimwala:
Zikomo nonse. Loweruka ndikawapeza kwawo, ndikawawerengera uthenga wa Bambo a Asiyatu achemwali ali pomwepo. Bambo, kodi chiphasocho amadulira ku boma la Angoche komweko kapena mpaka ku Nampula?