Bedi la masamba losatipula, pansi ndiyambe ndi chani?

Nachisale wa ku Luchenza:
Moni nonse. Kuseli kwa nyumba kwanga dothi ndi lija lofiira lolimba ngati njerwa, khasu limangodumpha ndipo msana wanga nawo wayamba kukana. Ndamva zoti munthu utha kupanga bedi osalima, kumangosanja zinyalala mpaka zitawolerana. Ndili ndi mapesi, masamba a nthochi ndi zitosi za nkhuku thumba limodzi. Ndiyambe ndi chani pansi? Nanga chiswe sichindithera zonse? Ndikufuna mpiru ndi chayinizi.

Mlimi wa pa Bvumbwe:
Zimatheka mayi, ndi mtayakhasu womwe uja koma wa pa dimba. Tchetchani udzu musiye pompo, yalani makatoni mowanjikiza m'mbali kuti udzu usapeze potulukira, selotepi muchotse, thirani madzi anyowe bwinobwino. Kenako zitosi pang'ono, mapesi oduladula, pamwamba zaziwisi, apa deliya, wa maluwa achikasu uja, ndiye dilu, wangoti mbwee m'mbali mwa msewu anthu kumangomudutsa koma amawola msanga ndipo ndi chakudya cha mbewu. Bwerezani choncho, zouma zochuluka zaziwisi zochepa, gawo lililonse madzi, mpaka lifike m'mawondo. Musadabwe likatsika kufika theka, ndi mmene zimakhalira. Mulifupi lisapose mita imodzi ndi pang'ono kuti muzifikira pakati osapondapo, mukangoponda mwabwezanso kulimba komwe mukuthawako.

Achimwene a ku Limbuli:
Za chiswe musanamizidwe, chibwera ndithu kkkk. Kwanga chinadya makatoni onse koma mbewu sichinakhudze, chimafuna zouma, bola bedi lizikhala lonyowa. Nditafukula patapita miyezi ndinapeza nyongolotsi ndipo dothi lija lofewa mpaka kulowetsa chala. Chimene chinandipweteka ine ndi changu, ndinawokela pa zitosi zaziwisi mbande zonse zinapsa. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kapena ngati simungathe ikani manyowa owola kale osakaniza ndi dothi pamwamba, masentimita 10, muwokele m'menemo.

Gogo Nangondo, Thyolo:
Mwana wanga uwazeko phulusa pang'ono, dothi lathu kuno ndi la asidi n'chifukwa chake tiyi amalikonda, koma masamba sakondwa nalo. Masamba a bulugamu ndi utuchi usaike, zimachedwa kuwola. Thunthu la nthochi ulidule tizidutswa, limasunga madzi zedi. Ndiye nthawi ya chiperoni uziyendera m'mamawa, nkhono zimabisala pansi pa zinyalalazo.

Nachisale wa ku Luchenza:
Zikomo agogo, zikomo nonse. Makatoni ndikapempha pa golosale mawa. Koma achimwene a ku Limbuli, masabata 8 amenewo ndizithirira kangati, poti madzi timatunga pa mjigo?