Kodi kuwerengera RNG (njira imene masewera amasankhira zinthu mwamwayi) mu Pokémon Emerald ndi chinyengo?

Anzanga osewera Pokémon, tithandizane apa. Za EV (mapointi amene Pokémon imapeza pomenya nkhondo) palibe amene amatsutsa: 510 zonse pamodzi, ndipo m'masewera atsopano 252 pa stat (mtundu wa mphamvu, monga liwiro) imodzi. Kuswetsa mazira ndi Destiny Knot (chinthu chimene kholo limanyamula) m'masewera atsopano kuti mwana atenge IV (mphamvu zobadwa nazo) zisanu kwa makolo, njirayo anaiika ndi eni masewera. Kusintha fayilo yosunga masewera ndi pulogalamu ya PKHeX ndiye chinyengo chenicheni, ndipo ku Yokohama, ku Japan, mu 2023 ena anachotsedwa pa mpikisano wa dziko lonse wa Pokémon chifukwa cha Pokémon zosinthidwa.

Chondizunguza mutu ndi Emerald. RNG yake imayambira pa seed (nambala yoyambira) 0 nthawi zonse mukayatsa, ndiye munthu amatchera nthawi, n'kudina batani la A pa frame (chithunzi chimodzi cha pa sikirini) yeniyeni imene akufuna, Pokémon yosowa ngati Rayquaza n'kubwera ndi IV zimene akufuna. Ma frame alipo pafupifupi 60 pa sekondi. Mukaphonya imodzi, muyambirenso. Fayilo sanaikhudze, komabe frameyo anaipeza ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Inu mumati ndi luso kapena kubera?