Filimu yanga ya TiO2 ikung'aluka, ndalakwitsa pati?

chidede_22:
Akuluakulu ndithandizeni. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi ya maselo a sola ogwiritsa ntchito utoto, ma dye-sensitized aja. Ndimakanda ufa wa P25 (ufa woyera wa titanium dioxide, TiO2) ndi viniga pang'ono mpaka ukhale ngati phala, ndikupaka pa galasi la FTO (galasi lodutsa magetsi) pakati pa matepi awiri, kenako kuwotcha pa 450°C mphindi 30. Utoto ndi wa chidede chifukwa N719, utoto wogula wopangidwira maselo amenewa, mtengo wake sindingaukwanitse. Ndiye ndikapaka kokhuthala kuti utoto ulowe wambiri filimu imang'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala, ndikaiviika mu utoto imasupuka. Ndikapaka kopyapyala imangofiirira pang'ono basi, current yake yochepetsetsa. Miyezi iwiri tsopano, mtima ukundiwawa.

mkulu_wa_labu:
Pepani achimwene, koma musamangoganiza za kukhuthala, nkhani yonse ili pa timabowo ta mkati mwa filimuyo. Utoto wogwira ntchito ndi okhawo womata pa TiO2 penipeni, mzere umodzi wa ma molecule, wina wounjikana pamwamba ndi wongotchinga kuwala. Nchifukwa chake O'Regan ndi Grätzel mu 1991 anagwiritsa ntchito timibulu tating'onoting'ono kuti filimu ikhale ngati siponji, malo omatapo utoto nkuchuluka kambirimbiri kuposa galasi losalala, mpaka selo yawo inasandutsa cha m'ma 7% ya kuwala kukhala magetsi. Masiku ano ambiri amafuna timibulu ta 20 nm, filimu ya 10 micron, pafupifupi theka lake likhale mabowo. Mukadutsa pamenepo ma electron ulendo umawatalikira, ambiri amabwerera mu electrolyte (timadzi ta mu selo tobwezera ma electron ku utoto) asanafike pa galasi.

Phala lanu la viniga mulibe chogwirizitsa. Ikanimo ethyl cellulose ndi terpineol, kapena PEG (polyethylene glycol) ngati ndi yomwe ilipo, zimenezi zimapsa mu uvuni nkusiya mabowo, ndiye mukachulutsa mabowo amakula, mukachepetsa filimu imathinana. Mlingo muli nawo m'manja ndinu.

nachisale_phys:
Kuwonjezera apo, osapaka kamodzi kokhuthala ayi. Kukhuthala kwa tepi imodzi, paka, umitsa cha m'ma 120°C, pakanso. Ndipo uvuni muzikweza pang'onopang'ono, ine ndinataya magalasi 6 tsiku limodzi chifukwa choika mu uvuni wotentha kale, onse anatuluka ming'alu yokhayokha ndinakhala pansi osayankhula. Komanso musapitirire 500°C, timibulu timayamba kulumikizana kwambiri mabowo nkutsekeka. Ngati TiCl4 (titanium tetrachloride) ilipo viikani filimuyo mu yosungunula ya 40 mM pa 70°C mphindi 30 nkuwotchanso, imamata bwino timibulu, koma isanasungunulidwe imafuka utsi woopsa, pangirani mu fume hood (kabati yokoka utsi) chonde.

mkulu_wa_labu:
Zoona zimenezo. Chinanso, mabowo akachepa kwambiri electrolyte imavutika kulowa ndi kutuluka. Ya iodide imayesetsa, koma ya cobalt ndi yonenepa, gulu la ku EPFL, yunivesite ya ku Switzerland, lomwe linafika 12.3% mu 2011 linagwiritsa ntchito cobalt, ndipo pa cobalt pamafunika mabowo otakasuka ndi filimu yopyapyalako. Pamwamba mutha kuikapo kagawo ka timibulu tikuluikulu, 200 mpaka 400 nm, kamabweza kuwala komwe kukanangodutsa.

chidede_22:
Zikomo kwambiri akuluakulu, PEG ilipo mu sitolo ya labu, ndaiona dzulo. Ndipanga magalasi atatu a mlingo wosiyana ndione lomwe limwe utoto bwino. Funso lina, ndiviike filimu ikadali yofunda kapena izizire kaye?

nachisale_phys:
Yofunda, cha m'ma 80°C. Ikazizira kwambiri chinyezi chimalowa m'mabowo utoto nkusowa pomata.